Momwe Ndinathamangitsira Mwamuna wa M'buku

Anthu akayamba kukamba za tsiku limene mlembi wa mabuku anabwera kuno ku Kafue, ine ndimanyamuka n'kukaona ngati nkhuku zalowa m'khola, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Papita zaka zambirimbiri, ambiri amene anali mu holo tsiku lija anatsikira kale kulichete, koma manyazi ake sanandichokebe. Lero ndaganiza zongoulula ndekha, chifukwa amene akuifotokoza nkhaniyi masiku ano akuithira mchere wambiri. (Wina anafika ponena kuti ndinakomoka. Bodza limenelo. Ndinkafuna kukomoka, koma zinakanika.)

Zinali zaka zochepa chilandirire ufulu, Kafue akusanduka tauni ya mafakitale ife tikuona. Kulikonse kunali fumbi la malole a njerwa, nyumba za ku Estates zikumangidwa, anthu akutsika sitima tsiku lililonse ndi mphasa pamutu kudzafuna ntchito. Ine ndinali mtsikana wa ku fakitale ya nsalu, pa makina opota ulusi. Ndinali nditafika Sitandade 6, ndipo musaseke, masiku amenewo ndinkadziona ngati ndinamaliza maphunziro onse a pa dziko lapansi.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la amake Dailesi, mayi wa ku Katete, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Sukulu sanaipondeko. Amuna awo, a Tembo, ankagwira ntchito ya njanji limodzi ndi atate anga, koma atawasamutsira ku Livingstone anakapezako mkazi wina n'kuiwala njira ya ku Kafue. Anawasiyira ana atatu ndi njinga yakutha yopanda mabuleki. Amake Dailesi ankangokhala pakhomo, kuwonda, kudikira, sitima ikalira n'kutuluka kukasuzumira kumsewu.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi iwo ankandiluka tsitsi, ine n'kumawawerengera buku la Chinyanja limene mlongo wanga anasiya atamaliza sukulu. Dzina la bukulo ndi la mlembi wake sinditchula (ali ndi adzukulu, ena mwina ndi maloya). Nkhani yake inali ya mayi wina, Nelia, amene mwamuna wake Jailosi anapita kumigodi n'kukatchona. Mukuona nokha chifukwa chake amake Dailesi analikonda. Nelia akalira, iwonso ankalira, misozi n'kumandigwera m'mizere ya tsitsi. Jailosi akangotchulidwa ankandikoka tsitsi mpaka maso kutong'oka, ngati wotchonayo ndine.

Tchimo langa linachitika m'mawa wina wamvula. Makala anali atanyowa, mbaula ikukana kuyaka, ndipo lipenga la ku fakitale linali litalira kale koyamba. Ndinayang'ana uku ndi uku, pepala palibe. Maso anagwera pa buku la Nelia. Ndinadziuza kuti kumapeto kwa mabuku amangolembako mayina a mabuku ena amene akugulitsa, ndiye ndinang'ambako tsamba limodzi. Linazima. Ndinang'amba lina, kenako ena angapo pamodzi. Moto unayaka bwinobwino, tiyi ndinamwa, ku ntchito sindinachedwe, ndipo za masambawo ndinaiwaliratu.

Patapita masabata atatu tinafika kumapeto kwa buku. Jailosi wabwerako kumigodi, wowonda, akutsokomola, kasutikesi ka makatoni m'manja. Waima pakhomo. Wanena kuti odi. Nelia watsegula chitseko, wamuyang'ana, ndipo... ndinatembenuza tsamba n'kupeza chikuto.

Manja a amake Dailesi anaima m'mutu mwanga. "Manje? Werenga iwe! Anachita bwanji Nelia?"

Ndikanangonena kuti amake Dailesi, pepani, Nelia ndinaphikira tiyi. Bwenzi atanditukwana tsiku limodzi, basi. Koma ndinamva mawu awo akunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti sakufunsa za Nelia yekha. Ndinayang'anitsitsa chikuto chopanda kanthu chija, ndikuyendetsa chala ngati pali zilembo, pakamwa panga n'kuyamba kudziyendera pokha.

Nelia wanga anamupatsa Jailosi mpando. Anamupatsa madzi akumwa, pakuti mlendo samanidwa madzi. Atamwa, Nelia anati: "Bambo, ana mukuwaonawa ndalera ndi manja anga awa. Denga ili ndafolera ndekha. Njira imene yakubweretsani sinamere udzu, bwererani nayo kukadali kowala." Ndipo Jailosi ananyamula kasutikesi kake n'kumapita.

Amake Dailesi anaimba nthungululu yoti agalu a mzere wonse anauwa. Anandisiya mutu uli theka, n'kuyamba kuzungulira pabwalo akubwereza kuti, "Sinamere udzu! Sinamere udzu!" Kuyambira tsiku limenelo, Lamlungu lililonse ndinkayenera kuwawerengera mathero aja. Ndinachita kuloweza bodza langa lomwe, chifukwa ndikangophonyetsa liwu limodzi ankandigogoda ndi chipeso. "Sabata yatha sanakambe choncho. Werenga bwino, si ndiwe wa Sitandade 6?"

Zimene zinatsatira ndizo zinandimanga pakamwa. Amake Dailesi anatulutsa njinga ija, anakaikitsa mabuleki, n'kuyamba kuphunzira kupalasa, akugwera m'ngalande anthu akuseka. Atadziwa, anayamba kulawirira ku Chanyanya kukagula nsomba kwa asodzi a m'mabwato, n'kumadzagulitsa kumsika. Ananenepa. Ana anavala nsapato. Patapita zaka ziwiri a Tembo anatulukiradi, mkazi wa ku Livingstone atawataya. Ine ndinali kuseri kwa khoma, khutu lili pa njerwa. Ndinamva mpando ukukokedwa. Ndinamva madzi akuthiridwa m'kapu. Kenako ndinamva mawu anga, onse mmene ndinawapekera, osasiyako ngakhale limodzi. A Tembo anakwera sitima ya madzulo omwewo.

Tsono ndiuzeni, pamenepo mukanaulula? Ine ndinati ndidzaulula Khirisimasi ikadutsa. Inadutsa. Ndinati Pasaka. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina ndikuweruka ku ntchito ndinaona amake Dailesi akubwera pa njinga liwiro la mtondo wadooka, dengu la nsomba likugwedera kumbuyo. Sanatsike bwino n'komwe, anangoitaya njingayo n'kundikumbatira.

"Wamvera? Ba mlembi ba Nelia babwera! Kuno ku Kafue! Pa Chiweru cha sabata ya mawa, ku holo! Nizabaona na maso anga aya!"

Anandigwira manja tinayamba kuvina pakati pa msewu, anzanga a ku fakitale akuwomba m'manja osadziwa n'komwe chikuchitika. Ndinavina, inde. Ndipo ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inakondwadi, chifukwa chimwemwe cha mayi ameneyu chinali chopatsirana. Maso ake ankawala ngati a mwana amene amugulira diresi ya Khirisimasi. Koma mbali inayo inali pa chikuto chopanda kanthu chija.

"Nizabauza zonse," anatero akupuma mwawefuwefu. "Nizaimirira pamaso pa anthu, nibauze kuti mathero aja ndiye ananipatsa moyo."

Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti zivute zitani, mayi uyu ndi bambo ameneyo sakambirana za mathero. Ine ndikatsimikiza chinthu ndimatsimikiza. Amayi anga ankati ndinabadwa ndi liwuma, ndipo sabata imeneyo liwuma lonse ndinaligwiritsa ntchito.

Choyamba ndinafuna kudziwa kukula kwa mlandu wanga. Loweruka ndinakwera basi kupita ku Lusaka, ndinalowa m'sitolo ya mabuku, ndinalipeza buku lija lathunthu, n'kuwerenga masamba omaliza chiimirire. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina ine ndi mlembi tinaganiza zofanana. Kalanga ine! Nelia weniweni anagwada. Anamulandira Jailosi kasutikesi ndi manja awiri, anamutenthetsera madzi, anamuphera nkhuku, ndipo (apa ndinagwira shelefu kuti ndisagwe) anamupepesa chifukwa chomukayikira. Chiganizo chomaliza chinkayamika mkazi wopirira. Wogulitsa mabuku anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndinabwerera ku Kafue nditamanga chitenje cholimba. Ndinawauza amake Dailesi kuti ndamva zoti msonkhano ausunthira mwezi wamawa. Anakhumudwa, ine mtima n'kukhala pansi. Mawa lake galimoto ya chimkuzamawu inadutsa kumsika komwe, kawiri konse, ikulengeza kuti Loweruka lino, nthawi ya 2 koloko, onse abwere. Madzulo anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Makina ya ku fakitale yakugonthetsa makutu, mwana iwe."

Ndinayesa njira ina. Ndinati mu holo adzalowa okhawo a makadi a ku fakitale. Iwo anangoseka. A Mwale, amene ankayang'anira holo, akazi awo ankagula nsomba pa tebulo la amake Dailesi, ndipo anali atawalonjeza kale mpando wa kutsogolo. Ndinati anthu ophunzira sakonda fungo la nsomba. Anati adzasamba kawiri. Ndinati mwambo wa alembi ndi wakuti munthu sutchula mathero a buku pagulu, n'chimodzimodzi kuulula za kudambwe. Apa anaima pang'ono n'kuganiza, ine ndikuti ndawapeza.

"Ngati ni mlandu, nizalipira mbuzi," anatero. "Koma kukamba nizakamba."

Sabata yonseyo anali pa kalikiliki. Anagula chitenje chatsopano, nsalu ya ku fakitale kwathu komwe, n'kundisankhiranso ine chofanana nacho kuti tikaoneke ngati pachibale. Anapita ku Chanyanya kukasankha okha nsomba zikuluzikulu zinayi, anaziwamba okha, n'kuzikulunga bwino kuti ikhale mphatso. Ankandiyeserera mawu awo madzulo aliwonse, ine n'kumagwedeza mutu kuti ali bwino. Anatenganso buku lathu lija n'kulikulunga m'kansalu koyera, kuti mlembi akalembemo dzina lake. Ndinayesa kulibisa pansi pa matiresi awo. Analipeza pasanathe ola, n'kumenya Dailesi wosalakwa. (Dailesi, ngati ukuwerenga izi, unali ine. Pepa.)

Nzeru yomaliza inali yokaonana ndi mlembiyo ndekha asanafike ku holo, ndimugwadire, ndimufotokozere zonse, ndimupemphe kuti mayi wina akayamba kuyamika angovomera kuti zikomo. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, Loweruka m'mawa ndinali kale pa siteshoni. Sitima itaima anatsika bambo wachikulire, wamtali, suti yakuda ngakhale kunkatentha, magalasi pamphuno, chikwama chachikopa m'manja. Ankaoneka ngati mkulu wa mpingo amene sanasekepo chibadwire.

Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Iwo anandipatsa chikwama.

"Bambo," ndinatero tikuyenda, "ndili ndi vuto lokhudza buku lanu la Nelia."

"Mafunso onse mu holo, mwana wanga. Mukandifunsira pano, kumeneko ndikalankhula chiyani?"

"Koma ndi nkhani ya mathero, bambo."

Anaima. Nkhope yawo inawala koyamba. "Aha! Mathero aja ndiwo mtima wa buku lonse. Atsikana a masiku ano, makamaka inu a m'mafakitale, mukufunika kuwamvetsa bwino. Banja ndi kupirira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, koma nthawi yomweyo a Mwale anafika ndi galimoto. Anatsika, anandilanda chikwama, anawalowetsa alendo kutsogolo, n'kundithokoza chifukwa cha ulemu wanga. Ndinatsala pa siteshoni ndi fumbi m'kamwa, shifiti yausiku ikundidikira pachabe.

Ngakhale pamenepo sindinagonje. Pofika 2 koloko holo inali itadzaza: aphunzitsi, ana a sukulu, anyamata a maovolosi, amayi a kumsika amene amake Dailesi anawaitana kuti adzaone munthu amene anawapulumutsa. Ine ndinkafuna mpando wa kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anandikokera kutsogolo, pansi penipeni pa tebulo la alendo. Mlembi atalowa, amake Dailesi anandifinya dzanja mpaka zala kulira. "Ni beve, ba mlembi! Ona mutu ukulu, nzeru zokhazokha!" Misozi inali mbwembwembwe m'masaya mwawo. Ndinawafinyanso dzanja, ndipo nanenso ndinalira, kungoti aliyense ankalira zake.

Bambo aja analankhula nthawi yaitali. Anakamba za dziko latsopano, za ubwino wowerenga, za mmene ankalembera ndi nyali ya palafini akadali mphunzitsi kumudzi. Anawerengako chiyambi cha buku. Ine ndinkapemphera kuti apitirize mpaka mdima, anthu atope, azituluka. Ndili mkati mopemphera ndinasendera pang'onopang'ono n'kukhalira nsonga ya chitenje cha amake Dailesi, ndi thupi langa lonse. Ndinaganiza kuti mayi waulemu wake sangaimirire pagulu chitenje chikumasuka.

"Tsopano mafunso," anatero a Mwale.

Amake Dailesi anadzuka. Chitenje chinatsala. Anayang'ana pansi, anandimenya pantchafu kuti phwa, "Nyamuka iwe," anachisolola, anachimanga bwinobwino anthu akuona, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Ba mlembi, ine nilibe funso. Nabwera chabe kuyamika. Ine sininaphunzire, koma buku yanu naidziwa pamtima. Mwamuna wanga ananisiya monga mwamene Jailosi anasiyira Nelia. Ninali kufa na maganizo. Koma n'tamvera mwamene Nelia anamupitikitsira Jailosi..."

Mlembi anakweza mutu.

"...ninati, kani mkazi angathe! Ndiye wanga atabwera, ninamupatsa mpando, ninamupatsa madzi, ninamuuza mawu yanu yamene yaja. Njira imene yakubweretsani sinamere udzu! Anapita, ba mlembi! Mpaka lero! Zonse ni chifukwa cha imwe. Mulungu akudalitseni, mulembe yambiri, akazi onse a mu Zambia apitikitse amuna opusa!"

Amayi a kumsika anaimba nthungululu holo yonse kugwedera. Anyamata a maovolosi anayang'anana. A Mwale anayamba kukonza mapepala amene anali okonzeka kale. Mlembi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi, mwina mwasokoneza ndi buku la munthu wina."

"Nelia na Jailosi wa kumigodi, si yanu?"

"Ndi langa."

"Ndiye mwaiwala chabe. Ukalamba, ba mlembi, osadandaula."

Anthu anaseka, koma bambo aja sanaseke. Anatsegula buku lawo kumapeto, anakonza kukhosi, n'kuwerenga mokweza masamba awiri omaliza. Kugwada kuja. Madzi otentha aja. Nkhuku ija. Kupepesa kuja. Ine ndinkayang'ana simenti, kufunafuna mng'alu woti ndilowemo.

Amake Dailesi sanagwedezeke. "Iyo ni yatsopano. Mwaisintha. Anakukakamizani ndani, abusa? Ine nili na yakale, yeniyeni." Anamasula kansalu koyera kaja, anapita kutebulo, n'kupereka buku lathu ndi manja awiri.

Mlembi analitembenuza. Anayang'ana kumapeto. Anayendetsa chala pa zotsalira za masamba ong'ambika. "Mayi, buku ili likuthera pamene Nelia watsegula chitseko. Masamba ena onse palibe." Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Anakuwerengerani ndani?"

Amake Dailesi anatembenuka pang'onopang'ono. Amayi a kumsika anatembenuka. Ana a sukulu anaimirira pa mabenchi kuti aone bwino. Ndipo ine ndinali pamenepo, kutsogolo kwenikweni, nditavala chitenje chofanana ndi chawo, kuti aliyense asavutike kundipeza.

Ndinaimirira, pakuti madzi akatayika sawoleka. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. Ndinanena za mvula, za makala onyowa, za lipenga la ku fakitale. Nditafika ponena kuti mathero a Nelia ndinayatsira mbaula, holo inaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mupatseni mpando wa kutebulo, mlembi ni uyo!" Bambo aja anandizindikira. "Si inu munandinyamulira chikwama?" Ndinavomera. Anapukusa mutu. "Ndinalemba buku lomanga mabanja. Inu mwalisandutsa nkhwangwa."

"Bambo, Jailosi sanayenere nkhuku," ndinayankha. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Anthu anasekanso kuposa poyamba.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Amake Dailesi anatenga buku lawo n'kulikulunganso m'kansalu kaja. Anatenga phukusi la nsomba limene anali ataika kale patebulo. "Izi ninabweretsera wamene analemba mathero yaja," anatero. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti andipatsa ine (onani kupusa kwanga), koma anaziika m'khwapa n'kutuluka, mutu uli chilili.

Ndinawathamangira. Ndinawapeza pa msewu wopita kumsika, akukankha njinga osaikwera.

"Amake Dailesi, ndikhululukireni."

Anayendabe.

"Ndinaona mukuvutika. Ndinkafuna kuti mtima wanu ukhale pansi."

Anaima. "Ndiye kuti atate a ana anga ninabapitikitsa chifukwa cha mbaula yako?"

"Mukufuna abwerere? Ndingathe kulemba kalata ku Livingstone."

"Abwerere kuti? Nizakumenya na pampu iyi!" Kenako anatsitsa mawu. "Tembo sinimufuna. Olo Nelia agwade kakhumi, ine sinigwada. Chamene chanibaba ni ichi: ine nilibe maso ya pa pepala. Maso yanga unali ndiwe. Zaka zonse izi unali kuyang'ana pa chikuto chopanda kanthu, ine nikulira, iwe udziwa." Anandiyang'ana m'maso. "Nanga makalata ya amayi anga ya ku Katete, yamene unali kuniwerengera? Nayo unali kupeka?"

Ndinalumbira kuti ayi. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula manda a agogo anga. Iwo anangoti, "Nizadziwa bwanji?" Anakwera njinga n'kundisiya. Kuseka konse kwa mu holo sikunandipweteke ngati funso limenelo, ndipo ndinalira njira yonse mpaka kunyumba.

Ku fakitale anandipatsa dzina loti Mlembi, ndipo linandikakamira mpaka nditakwatiwa. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandivuta n'chakuti khomo loyandikana lija linatsekeka. Moni ankayankha, koma wa pakamwa chabe. Tsitsi langa ankaluka ena, moipa. Ndinatumiza shuga, anabweza. Ndinatumiza amayi anga kukapepesa, anawalandira bwino, anawapatsa nsomba, za ine osatchulako.

Kenako ndinamva kuti alembetsa sukulu ya akuluakulu, mu holo yomweyo, Lachitatu ndi Lachisanu masana. Tebulo la nsomba ankasiyira mnzawo. Ndinkawaona pakhonde ndi sileti, lilime lili panja, akulimbana ndi zilembo mmene analimbanirana ndi njinga ija. Kangapo ndinafuna kupita kukawathandiza. Ndikangoyandikira, ankatembenuza siletiyo chafufumimba.

Panapita chaka ndi miyezi. Lamlungu lina masana ndinamva odi. Anali iwo, chitini cha mabisiketi m'manja. Anakhala pamkeka osandipatsa moni wautali, anatsegula chitinicho, ndipo munali makalata onse a amayi awo, omangidwa ndi ulusi.

"Khala apo," anatero. "Usakambe kanthu."

Anayamba kuwerenga mokweza, chala pa mzere, liwu limodzilimodzi. Za mvula ya ku Katete. Za ng'ombe imene inathyoka mwendo. Za maliro a malume awo. Kalata iliyonse ikatha ankakweza maso n'kundiyang'ana, akuyerekeza ndi zimene ndinawawerengera kale, pakuti mayi ameneyu saiwala kanthu. Pena ankakakamira pa liwu lovuta, ine pakamwa n'kumandiyabwa, koma sindinayerekeze. Thukuta linali kamukamu ngakhale ndinkadziwa kuti m'makalata sindinanamemo. Tinakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka.

Atamaliza yomaliza anaipinda, anamanganso ulusi, anatseka chitini.

"Apa sunaname," anatero. Anandiyang'ana kumutu n'kukwinya nkhope. "Nanga ni ndani anakuluka zonyansa izi? Bweretsa chipeso."

Ubwenzi wathu unabwerera, ndipo unakhala mpaka tonse tinachita imvi. Tinalira limodzi maliro, tinavina limodzi maukwati a ana. Koma kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso pepala lililonse kuti ndiwawerengere, ngakhale la mankhwala a kuchipatala, ngakhale maso awo atayamba kuchita chidima. Ankalolera kuliyandikitsa pamphuno theka la ola ine ndili pompo, manja ali pamiyendo. Ndikati ndithandize, ankangoti, "Iwe khala chabe."

Ndinaphunzira kuti mnzako akakubwereka maso ake suwanamiza, ngakhale bodza lako likhale lomufunira zabwino. Zimenezo ndinaphunziradi, ndipo zinandiwawa. Koma zoti Nelia anayenera kugwada n'kupha nkhuku, pepani bambo aja kumene muliko, mpaka lero sindinavomere.